Kuchoka Kuchikamwini pa Galimoto Yanga

Ndinayendetsa lole zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pa kampani ina ya ku Limbe. Sindinagundepo munthu. Ngakhale mbuzi sindinagundepo. Mu 1994 anandipumitsa ntchito, ndipo pochoka ndinagula pikapu yoyera imene kampaniyo inkagulitsa chifukwa chokalamba. Ndinayiyendetsa ndekha mpaka kumudzi kwa mkazi wanga, kufupi ndi Milepa, kumene ndinali mkamwini chikwatirireni.

Nyumba ya kumeneko ndinamanga ndine, ya njerwa zootcha ndi malata. Koma dothi linali la kwawo kwa mkazi, minda ya kwawo, ana nawonso a kwawo. Pamudzi ponsepo chinthu changachanga chinali galimotoyo. Ndinayimangira chisakasa cha udzu pambali pa nyumba, nsanamira zake za bulugamu.

Ku kampani nkhani ya oyilo inali yosavuta. Lole iliyonse inali ndi khadi lomangirira pansi pa chiwongolero. A ku galaja akasintha oyilo ankalembapo nambala. Mita ya makilomita ikafika pa nambalayo, unkabwerera ku galaja. Lole yanga inkayenda tsiku ndi tsiku, ndiye nambala inkakwana mwezi usanathe kapena utangotha. Zaka zonse zija sindinamvepo munthu akuwerengera oyilo miyezi. Tinkamuwerengera mtunda basi.

Choncho mu 1996, nditasintha ndekha oyilo wa pikapu pansi pa chisakasa chija, ndinachita zimene ndinkazidziwa. Ndinadula katoni ya sopo, ndinalembapo nambala, n'kumangirira ndi chingwe pansi pa chiwongolero.

Kuyambira pamenepo galimoto inayamba kukhala. Petulo ankangokwera mtengo, ndipo kuti umupeze unkapalasa njinga ndi chigubu mtunda wautali. Maso anganso anayamba kuchita nkhungu dzuwa likapendeka. Pa chaka ndinkatuluka nayo kawiri, mwina katatu, kukasiya wodwala kuchipatala cha ku Milepa n'kubwerera. Matola ndinakana. Sindinagwire ntchito zaka zonsezo kuti ndizikalimbana ndi amayi a tomato pamsewu.

Mlamu wanga, mchimwene wake wamkulu wa mkazi wanga, ndiye anali mwini mbumba pamudzipo. Chaka china nandolo anabereka kwambiri, iye n'kubwera m'mawa, chipewa chili m'manja.

"Alamu, matumba khumi okha. Mutifikitsire ku Limbe, mavenda akunowa akutibera pasikelo. Petulo tithira ife."

"Masipuling'i ake sangapirire."

"Aa, alamu! Si pikapu imeneyi? Kapena anayipangira kunyamula mphepo?"

"Ndanena."

Anavala chipewa chake. "Chabwino, muyisunge. Tsiku lina tidzathiramo chimanga, ikhale nkhokwe."

Matumba khumiwo ikananyamula. Ndinkadziwa. Koma ndikanavomera kamodzi, mawa ikananyamula njerwa, mkuja manyowa, mpaka ikanasanduka ya mbumba ngati zina zonse.

Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkavula jekete n'kupita kuchisakasa. Poyamba ndinkapirikitsa nkhuku, chifukwa zinkakonda kuikira kumbuyo pa tayala la sipeya. Kenako ndinkatsegula boneti, kusolola kachitsulo koyezera oyilo, kupukuta, kubwezera, kusololanso. Oyilo ankakhala wodzaza nthawi zonse. Zaka zikupita anayamba kupitirira pang'ono mzere wapamwamba, ine n'kumanyadira kuti ndinagula injini yosadya oyilo. Ndikatero ndinkaliza injini mphindi zisanu, kuponda moto kawiri katatu, n'kuzimitsa. Batire ndinasintha kawiri pa zaka zonsezo. Oyilo ayi, chifukwa nambala ya pakatoni inali isanakwane.

Mkazi wanga ankakhala pakhonde akusankha nyemba m'lichero.

"Mwafika kuti lero, bambo?" ankafunsa ndikazimitsa.

"Ku Zomba."

"Mwayenda bwino. Shuga mwandigulira?"

"Masitolo anali otseka. Lero n'Lamulungu."

"Nanga mumapitiranji Lamulungu lokhalokha?"

Ankaseka yekha mpaka kutsokomola. Ine sindinkaseka, koma funsolo ndinkalidikira.

Anamwalira mu Juni, 2004. Anagwa kudimba m'mawa akuthirira mpiru, ndipo pomwe ankabwera kudzandiitana n'kuti atapita kale. Manda ali kunja kwa mudzi pang'ono, m'mbali mwa msewu. Bokosi analinyamula pamapewa. Galimoto sinafunike.

Miyezi yotsatirayo ndinkadya ndekha. Mwana wathu wamkazi, amene anamanga banja lake kuseri kwa nyumba yathu, ankabweretsa chakudya, kugwada, kuika, n'kubwerera kwa ana ake. Ana aamuna anali kuchikamwini kwawo, wina ku Thyolo, wina ku Balaka. Anthu ankandipatsa moni ngati kale, koma palibe ankakhala pansi. Ndi pamene ndinazindikira kuti zaka zonse zija alendo ankadzera mkazi wanga, ine ndinkangopezekapo. Lamulungu ndinkalizabe injini. Ndikazimitsa ndinkakhala mkati momwemo, zitseko zili zotseka, mpaka kutentha kunditulutse.

Mu Okutobala a kuchikazi anaitanitsa mwambo wondisudzula. Ankhoswe a mbali yanga anali atamwalira kalekale, ndiye ndinakhala ndekha pampando, iwo onse mbali inayo, amuna pamabenchi, amayi pamikeka. Mlamu wanga ndiye analankhula.

"Alamu, mwatisungira mlongo wathu mpaka tamuika. Tilibe nanu chifukwa. Kuyambira lero mwamasuka. Mukafuna kukwatira, kwatirani. Mukafuna kukaona kwanu, palibe akugwireni mwendo. Nyumbayi ndi ya ana, izo mukuzidziwa."

"Ndamva," ndinatero. "Loweruka likubwerali ndinyamuka."

Onse anayang'anana. Ndikuganiza kuti sankayembekeza kuti nditchula tsiku pomwepo. Kenako mlamu wanga anayang'ana kuchisakasa.

"Nanga nkhokwe yanu ija? Mutiuze nthawi, ndibwere ndi akamwini angawa tidzakukankheni mpaka kumsewu waukulu."

Amuna anaseka. Amayi anabisa pakamwa ndi zitenje.

"Ndinalowa nayo muno ndikuyendetsa," ndinatero. "Ndituluka nayo ndikuyendetsa. Asayigwire munthu."

Madzulo ake mwana wanga wamkazi atabweretsa chakudya sanabwerere. Anakhala pafupi ndi chitseko.

"Ababa, amalume sananene kuti muchoke."

"Sananenenso kuti ndikhale."

"Ine ndikunena."

"Iwe si mwini mbumba."

Anayamba kulira chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Ndinamuuza kuti mbale adzatenge m'mawa.

Kwathu ndi kwa Mpama. Kumeneko kunali mlongo wanga wamng'ono, wamasiye nayenso, amene ndinkamuona pamaliro pokha. Ndinamutumizira uthenga kuti ndikubwera. Masiku otsalawo ndinathera pa galimoto. Ndinakagula petulo panjinga, zigubu ziwiri. Ndinapopa matayala onse ndi pampu ya phazi, ndikupumira. Ndinatsuka zitosi za nkhuku, ndinapukuta magalasi ndi nyuzipepala. Oyilo ndinayeza, anali wodzaza mpaka kupitirira. Nditatsegula chivindikiro chothirira oyilo ndinaona zoterera zamtundu wa tiyi wamkaka zitamatirira kunsi kwake. Ndinazipukuta ndi kansalu n'kutseka. Ndinayang'ana mita, ndinayang'ana katoni. Panali patatsala makilomita 600 kuti nambala ikwane, ndipo ulendo wanga sunali wokwana ngakhale 50.

Loweruka m'mawa ndinakweza sutikesi, matiresi, mpando umodzi, wailesi ndi bokosi la masipanala. Njinga ndinasiyira mwana wanga. Mlamu wanga anabweradi ndi akamwini ake awiri. Anaima chapatali, atapinda manja a malaya kuti ndiwaone bwino.

Ndinakhala pachiwongolero, ndinapotokola kiyi. Inalira kamodzi n'kamodzi.

Ndinabwerera m'mbuyo kutuluka m'chisakasa, ndinatembenuza pabwalo osagunda ngakhale mtondo. Mwana wanga anagwira chitseko, ndinamuuza asamale zala. Podutsa pamene panaima mlamu wanga ndinaliza hutala kamodzi. Anavula chipewa. Sindikudziwa ngati kunali kunyoza kapena ulemu.

Msewu wotuluka m'mudzimo umadutsa pamanda, kenako umapita pakati pa minda ya mbumba ya mkazi wanga makilomita ngati atatu, mpaka pa kamlatho. Ukawoloka pamenepo wafika kwa anthu ena. Inali nthawi yogalauza, ndiye m'minda monse munali anthu ndi makasu.

Pamanda ndinachepetsa liwiro. Ndi pomwepo pamene kanyali kofiira ka oyilo kanaphethira. Kanayaka, kanazima. Ndinati mwina ndi waya wagwedezeka ndi mabampu. Nditapita patsogolo pang'ono kanayakanso, osazimanso.

Dalaivala aliyense amadziwa tanthauzo la kanyali kameneko. Oyilo sakufika kumene akufunika. Umaima pomwepo n'kuzimitsa, kaya uli pakati pa msika, kaya pa mlatho. Ine ndemwe ndinkawauza madalaivala atsopano ku kampani, ndipo wina ndinamuchotsetsa ntchito chifukwa chonyozera kanyali komweko.

Ndinachotsa phazi pamoto. Kumanzere kwanga amayi atatu, azisuweni a mkazi wanga, anaweramuka n'kutsamira makasu. Wina anakweza dzanja. Kumanja mkulu wina wa kutchalitchi anaima pamzere akundiyang'ana. Pagalasi ndinkaonabe denga la nyumba yanga, ndi anthu ataima pabwalo. Ndikanaima pamenepo, mlamu wanga akanafika ndi akamwini ake ndisanatsegule n'komwe boneti.

Ndinabwezera phazi pamoto. Ndinawakwezera dzanja amayi aja.

Kilomita yoyamba injini inkalira bwinobwino, moti ndinayamba kudzinamiza. Yachiwiri ndinamva kaphokoso pansi, khe-khe-khe, ngati munthu akugogoda ndi supuni pa mbale yachitsulo. Ndinkadziwa chimene chikugogoda. Ndinaika giya yapamwamba kuti injini isazungulire kwambiri, ndipo potsetsereka ndinkayisiya iziyenda yokha. M'minda anthu ankangoweramuka mmodzimmodzi. Ena ankaitana, "Muyende bwino, akamwini!" Ine ndinkangogwedeza mutu, msana uli chilili, manja onse pachiwongolero. Pofika pa kamlatho phokoso lija linali litasanduka nyundo. Fungo la chitsulo chopsa linadzaza mkati.

Ndinawoloka. Kutsidyako kuli kachitunda, ndipo pamwamba pake msewu umakhota kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Ndinakwera ndi giya yachiwiri ndikuyilankhula ngati ng'ombe. Inakwera. Inakhota. Minda ija itangobisika kuseri kwa mitengo, injini inati gwa, matayala akumbuyo n'kukwekwereza pafumbi. Ndinaponda kilatchi, inayenda yokha mapazi angapo, n'kuima m'mbali mwa msewu.

Kiyi sindinayesenso. Ndinkadziwa.

Ndinakhala mkatimo nthawi yaitali. Pansi pa boneti chitsulo chinkalira tche, tche, chikuzizira. Panadutsa mayi ndi mtolo wa nkhuni, anandiyang'ana, anapitirira. Sindinalire pamaliro a mkazi wanga, ndipo apanso sindinalire, koma manja anakana kuchoka pachiwongolero.

Dzuwa litakwera panafika bambo wina wa kabaza, wandevu, thukuta lili kamukamu.

"Zavuta, agogo? Tiyikankhe?"

"Iyi siingalirenso ndi kukankha."

"Petulo?"

"Alimo."

Anasuzumira, ananunkhiza, anagwira pakamwa. "Ii, yapsa iyi. Mumapita kuti?"

"Kwa Mpama."

"Kwa Mpama! Agogo, kumeneko ndikafika miyendo itasanduka zingwe. Koma tiyeni, nanga ndikusiyeni pano mudyedwe ndi dzuwa?"

Pafupi panali nyumba ya anthu achisilamu, osandidziwa. Mwini wake anavomera kusunga galimoto ndi katundu. Iye, wa kabaza uja ndi mnansi wawo anayikankha kulowetsa pabwalo, ine ndikuwongolera. Ndinatenga sutikesi yokha. Ndinakhala pakaliyala ya njinga, sutikesi pamiyendo, ndipo pazitunda ndinkatsika n'kumayenda pansi.

Tinafika dzuwa litapendeka. Mlongo wanga anali atasesa bwalo lonse, atadula ndi nthambi za mpapaya kuti galimoto ipeze polowera. Anatuluka, anayang'ana ine, anayang'ana kumsewu.

"Achimwene, nanga galimoto ija?"

"Ikubwera."

Anandilandira sutikesi n'kunditsogolera ku kachipinda kosungiramo makasu, kamene anali atakazira bwino.

Patapita masiku atatu ndinapita ku Njuli kukafuna makaniko. Anandilozera bambo wina wamfupi, waimvi m'mbali, chala chimodzi chodukira pakati. Tinapita limodzi pa kabaza ziwiri. Atafika anayesa kuzunguza injini ndi sipanala yaikulu, sinasunthe. Anagona pansi pa galimoto, anatchera beseni, anamasula bawuti yotulutsira oyilo. Choyamba kutuluka anali madzi. Kenako panadontha zakuda pang'ono, n'kusiya. Anapisa waya pabowo, ndipo munayamba kugwa zibuma ngati phala logona.

"Madala, oyilo uyu anathiridwa liti?"

"Mu 1996."

Anatulutsa mutu pansi paja. "Mwati chiyani?"

Ndinamusonyeza katoni. "Nambala sinakwane. Patsala makilomita pafupifupi 600."

Anawerenga, anayang'ana mita, anaseka mpaka kukhala pansi pafumbi.

"Pepani madala, sindikuseka inu. Koma oyilo sadziwa kuwerenga katoni. Kaya galimoto yayenda, kaya sinayende, amakalamba. Yongokhala ngati iyi, miyezi isanu ndi umodzi mwamutaya. Mukavutika kwambiri, chaka. Osapitirira."

"Ndayendetsa lole zaka zoposa makumi awiri. Sindinamvepo zimenezo."

"Lole yanu inagonapo mwezi?"

Ndinapukusa mutu.

"Ndiye pamenepo. Munkayiliza?"

"Lamulungu lililonse. Mphindi zisanu."

"Ayi ndithu, bola mukanangoyisiya. Injini ikalira pang'ono imachita thukuta mkati, ngati chivindikiro cha poto. Ikayenda mtunda n'kutentha bwino, thukutalo limauma. Inu munkazimitsa isanatenthe. Madzi aja ankatsikira mu oyilo, petulo wosapsa nayenso momwemo, sabata ndi sabata."

"Oyilo sankatsika. Ankachita kukwera."

"Eya, ankakwera ndi madzi! Ndiye tsiku limeneli mwayigwedeza pamabampu, phala lonse ladzuka pansi, latseka sefa imene pampu ya oyilo imakokera. Injini yayenda youma."

Anapukuta manja pa ovolosi, anaima, anasuzumira pachiwongolero.

"Kanyali ka oyilo kamagwira ntchito?"

"Kamagwira."

"Kanayaka?"

"Kanayaka."

"Munaima patapita mtunda wotani?"

"Makilomita atatu."

Kuseka kunatha. Anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti ndinamenya mwana wakhanda.

"Madala, mukanazimitsa pomwepo, tikanatsitsa sampu, chibeseni cha oyilo cha pansi pa injinicho, kutsuka sefa, kuthira watsopano. Lero lino mukanayiyendetsa mpaka kwanu. Munthu wa lole ngati inu, simunaime bwanji?"

"Panali anthu."

"Ndiye bwino kumene! Akanakukankhani."

Ndinamuuza amange bawuti yake tizipita.

Injini ina yoti tiikemo sinapezeke yoti ndingaikwanitse. Katundu wanga nditakatenga, galimoto inakokedwa ndi lole ya mchenga mpaka ku Njuli, ndipo makaniko uja anayigula kuti aziphwasulako zitsulo. Kwa zaka ziwiri ndikapita kumsika ndinkayiona kuseri kwa shedi yake itakhala pa njerwa, lero yopanda chitseko, mwezi wamawa yopanda magalasi. Ndinayamba kudzera njira ya kuseri kwa chipatala.

Mwana wanga wamkazi anabwera kudzandiona mvula yoyamba itagwa. Anabweretsa nandolo wouma ndi nkhuku. Tinakhala pakhonde la mlongo wanga, iye pamkeka, ine pampando wanga uja. Anandiuza za minda, za adzukulu, za denga la khitchini limene linasasuka ndi mphepo. Za galimoto sanatchule, mpaka ndinafunsa ndine.

"Kumudzi akudziwa?"

"Anadziwa tsiku lomwelo, ababa, nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Mayi wina wa nkhuni anakuonani."

"Amalume ako anaseka?"

"Ayi. Anatenga chingwe ndi akamwini awo aja, anapita mpaka kuseri kwa mabulugamu. Anapeza mutachoka kale."

Ndinayang'ana kumunda. Chimanga cha mlongo wanga chinali chitangomera, masamba awiriawiri.

"Amalume akuti chaka chamawa tikamamanga chiliza cha amayi mudzabwere," anatero. "Akuti mudzagona m'nyumba mwanu momwe."

"Ndidzabwera pa chiyani?"

"Pa kabaza, ababa. Ngati anthu onse."

Ndinamuuza kuti ndidzaona. Chiliza anamanga mu Ogasiti chaka chotsatira. Ndinatumiza matumba awiri a simenti, ndipo tsikulo ndinakhala kwa Mpama ndikukonza mpini wa khasu la mlongo wanga.